Chitsime Chimene Amalume Anazamitsa

Amalume anga ndi okumba zitsime. Anayamba ntchitoyi ine ndisanabadwe, ndipo amati kale ankapeza madzi atangokumba mamita anayi. Masiku ano amafika mamita khumi dothi likadali louma.

Chaka chatha aneba athu a kumunda anagula pampu ya injini, n'kuwaitana kuti akazamitse chitsime chawo. Amalume anaigwira bwino ntchitoyo, monga amachitira nthawi zonse. Patatha milungu itatu, chitsime chathu chinayamba kutulutsa matope okhaokha, ndipo anyezi wa akazi a amalumewo anayamba kufota.

"Bambo a ana, ndinu katswiri ndithu," anatero akazi awowo, akuwaonetsa ndowa. "Madzi anga onse mwakapereka kwa aneba."

Amalume anangoyang'ana m'ndowamo. Ine ndinkayesa atenga khasu kuti azamitse chathunso, koma iwo anati akatero aneba adzawaitananso, mpaka tonse tidzagunde mwala. Anapita kukakambirana nawo, ndipo anagwirizana kuti pampu izilira masiku awiri okha pa mlungu.

Madzi anabwerera, koma ongofika m'mawondo. Theka la anyeziyo linapulumuka. Tsopano timathirira m'mawa basi, mizere titaiphimba ndi udzu.