Apongozi Anga a Sajeni Namakhwa

Tsiku limene ndinakaonekera koyamba kwawo kwa Esnat, amene tsopano ndi mkazi wanga, ku Chimwankhunda, mu 1991, bambo ake sanandifunse za ntchito kapena za kumudzi kwathu. Anayang'ana nsapato zanga kwa kanthawi, kenako n'kuuza mwana wawoyo kuti andibweretsere polishi ndi bulashi. Ndinapukuta nsapatozo pakhonde, jekete ili m'thupi, azilamu anga akusuzumira pawindo. Nditamaliza anandigwira chanza n'kunena kuti tsopano tikhoza kucheza. Umu ndi mmene ndinawadziwira a Aloysius Namakhwa, amene Chimwankhunda yonse inkangowatchula kuti a Sajeni.

Anabadwa mu 1932 ku Thyolo, kumene makolo awo anafikira kudzathyola tiyi atachoka ku Mozambique. Usilikali sanaufune n'komwe. Ku Zomba anapita kongoperekeza mnzawo Godfrey, amene ankalota yunifomu kuyambira ali mwana. Godfrey anamubweza chifukwa chofupika, koma mzungu wolemba anthu ataona chimnyamata chachitali chitaima pamthunzi ndi katundu wa mnzake, anachikodola. Godfrey anabwerera yekha ku Thyolo, ndipo akuti anatha zaka zitatu osayankha makalata.

A Sajeni anawatumiza kunkhondo ku Malaya pa sitima yapamadzi. Anthu akawafunsa za nkhondo, a Sajeni ankakonda kukamba za misundu ya m'nkhalango za kumeneko, yomwe inkalowa m'jombo ngakhale umange zingwe chotani. Za mnzawo Sungeni, amene anawomberedwa akuyenda patsogolo pawo m'kanjira, anandiuza kamodzi kokha, tili awiri m'galimoto pa mzere wa petulo ku Limbe. Anati anamubereka kumsana tsiku lonse osadziwa kuti munthu watha kale. Atatero anasintha nkhani n'kuyamba kudandaula za mabuleki anga.

Akazi awo, mayi Felicia, anakumana nawo mu 1956 m'sitima yochokera ku Balaka. A Sajeni ankati mayiwo anakopeka ndi yunifomu. Mayi ankati ayi, munthuyu anakhalira dengu lawo la tomato, ndipo anapepesa ulendo wonse mpaka ku Limbe, iwo n'kungomumvera chisoni. Anabereka ana asanu ndi atatu. Godfrey atamwalira, anakatenganso ana ake awiri ku Thyolo, moti ine ndinatha chaka m'banjamo ndisakudziwa kuti awiriwa si obadwa pakhomopo.

Atapuma usilikali mu 1972 anayamba kuyendetsa lole yoperekera buledi m'magolosale. Pakhomo perete sanathe. Lamlungu lililonse ana khumi ankandanda pabwalo asanapite ku Misa, bambo akuona zikhadabo ndi makolala. Koma aliyense ankadziwa kuti wamkulu wa kampuyo anali mayi. Iwo akangotsokomola kukhitchini, perete ankathera pomwepo.

Mayi anatisiya mu 2015. Maliro atatha tinakhala pansi, ana ndi akamwini, kukambirana za amene awatenge bambo. Iwo anamvetsera mpaka aliyense atalankhula.

"Mwalankhula bwino nonse," anatero. "Koma nyumba ino tinamanga ndi amayi anu, njerwa tikuumba tokha. Sindisamuka. Ndizibwera ndine kudzakuonani ngati mukukhala bwino."

Tinkayesa zocheza. Kuyambira sabata yotsatira, nkhalamba ya zaka 83 inayamba kukwera minibasi, ndodo m'manja, osauza munthu kumene ikupita. Lero kwathu ku Nancholi, mkucha kwa Millicent, mwana wawo wachitatu, ku Bangwe. Makondakitala anawazolowera n'kumawasungira mpando wakutsogolo, kumene ankalangiza madalaivala kasinthidwe ka magiya ulendo wonse. Kwa Clifton, mwana wawo wotsiriza, ku Namiwawa, anaphunzitsa mlonda wa pageti kuchita sailuti, moti mpaka lero ngakhale wogulitsa masamba amalandiridwa ngati mkulu wa asilikali.

Kwathu ankafika cha m'ma 10 koloko m'mawa. Ankazungulira nyumba, kutsegula ndi kutseka mipopi, kugwedeza zitseko, kenako n'kukhala pansi ndi zidzukulu. Ana anga omwe ankandiopa ine, kwa agogo awo ankakwera mpaka paphewa. Tsiku lina Esnat anadandaula kuti ifeyo ankatiimika pamzere, nanga awa bwanji? Bambo anayankha kuti awa ndi anthu wamba, malamulo a kampu sawakhudza.

Anadwala sabata imodzi yokha, mu Epulo 2024. Kuchipatala anagonako masiku atatu n'kuumirira kuti abwerere kwawo. Mmawa wa Lachisanu anamwa tiyi, n'kuitana mwana wathu woyamba, Tawonga, amene ukwati wake unali utalengezedwa kale kutchalitchi.

"Iwe, ukwati usasinthe tsiku chifukwa cha ine," anamuuza. "Anthu agula kale nsalu. Mukavine."

Dzuwa lisanafike pamutu anali atapita, Esnat atawagwira dzanja.

Pamaliro panabwera asilikali anayi ndi lipenga, komanso gulu la makondakitala a pa siteji, omwe anapempha kuti nawonso anyamuleko bokosi kuchoka panyumba kufika pamsewu. Tinawalola.

Ukwati wa Tawonga unachitika pa tsiku lake lomwelo, mu Ogasiti, mu holo ina ku Limbe. Esnat analira pang'ono polowa, kenako anavina mpaka kuthyola chidendene cha nsapato.