Malo Amodzi a Akuzike

Tusekele amadzuka kukungoyamba kuyera, magetsi a mumsewu wathu wa ku Beech Grove, kuno ku Indianapolis, asanazime. Amatereka madzi a tiyi, amavala yunifomu yake yabuluu ya kunyumba yosamalira okalamba, kenako amakhala pampando wa kukhitchini foni ataitsamiritsa ku botolo la shuga. Nthawi imeneyo ku Lilongwe dzuwa limakhala lili pamutu. Mng'ono wake Atupele amayankha ali pakhonde ku Area 25, n'kuyamba kuthamangitsa kamwana kuti kabwere pafoni.

"Akuzike, bwera udzawaone amayi ako!"

Kamwanako, ka chaka chimodzi ndi miyezi itatu, kamatembenuka n'kuyang'ana Atupele yemweyo, poti amayi amene kakuwadziwa ndi amenewo. Tusekele amaseka, amakaimbira nyimbo, amagogoda galasi la foni ndi chala. Nthawi ikatha amati, "Basi, ndichedwa ku shifiti." Amataya tiyi uja musinki asanamulawe n'komwe, amatsuka kapu, n'kukalowa m'galimoto.

Ndimadziwa zimenezi chifukwa timakhala moyandikana, ndipo galimoto yake ikafa ndine ndimamuperekeza kuntchito. Ndinenso amene ndinanyamula mwanayo kupita naye ku Malawi.

Tusekele anafikira mumzinda wa South Bend ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, atabwera kudzaphunzira. Masiku amenewo munthu akangofika kuchokera kumudzi ankalandiridwa ndi banja lina la kumpingo. Ankagona ku besimenti, chipinda cha pansi pa nyumba, ankadya nawo, iye n'kumathandiza pakhomo. Tusekele analandiridwa ndi amayi Joan, amene mwana wawo Tiffany anali ndi zaka ziwiri. Amayi Joan ankagwira ntchito ziwiri, amuna awo chimodzimodzi, choncho Tiffany anakulira kumsana kwa Tusekele. Azungu oyandikana nawo ankasuzumira pawindo kuona mtsikana akuchotsa chipale chofewa pakhomo, mwana atamubereka ndi chitenje pamwamba pa jekete.

Zaka zinayi zinatha choncho. Malipiro panalibe, ndipo palibe amene ankaganiza kuti akufunika. "Kuno tonse ndife apachibale," ankatero amayi Joan. Amayiwo atayamba kosi ina, Tusekele ndiye anasiya makalasi ake. Ifenso amumpingo titaona kuti pakhomopo pali munthu, tinayamba kumasiya ana athu. Mwana wanga Mthunzi nayenso anasambitsidwa ndi manja amenewo, sindingabise.

Poona ana akudzaza pabalaza, amayi Joan anazindikira kuti pamenepa pali bizinesi. Atasamukira ku Indianapolis anagula nyumba m'dera la Lawrence, anatenga chiphaso cha boma, n'kutsegula malo olererapo ana. Mpaka lero akaimirira kuchitira umboni amati Mulungu anawapatsa masomphenya. Ine ndimangowerama, chifukwa masomphenyawo ndinkawaona akugona pamatiresi ku besimenti.

Tusekele anapeza ntchito yosamalira okalamba, naye anabwera ku Indianapolis, ndipo anakwatiwa ndi a Edmond, bambo ofatsa ogwira ntchito kosungira katundu. Anadikira mwana zaka zisanu ndi zinayi. Tinasala kudya naye, tinapemphera naye. Ali ndi zaka makumi anayi ndi ziwiri anabereka mtsikana, n'kumutcha Akuzike.

Amayi a mumpingo tinapita kukaona mwana monga mwa mwambo, titanyamula sopo, matewera ndi tizovala. Amayi Joan anabwera ndi dengu lalikulu kuposa tonse. Anamunyamula mwanayo, anajambulitsa naye zithunzi, n'kunena mokweza kuti aliyense amve: "Uyu ndi mdzukulu wanga. Tuse, chilichonse ungondiuza, wamva?"

Kuntchito anauza Tusekele kuti malo ake amusungira, koma masabata amene ali pakhomo salipidwa. Anabwerera kuntchito mwana ali ndi masabata asanu ndi awiri. Anali atafunsira kale vocha, thandizo la boma lolipirira kolerera ana. Mayi wa ku ofesi anamulandira bwino, anaona mapepala onse, n'kumuuza kuti akuyenera kuthandizidwa, koma pali mndandanda wodikira.

"Mpaka liti?" anafunsa Tusekele.

"Sitikudziwa."

Popanda vochayo, malo a khanda ankafuna madola opitirira mazana atatu pa sabata, ndalama zimene pa mwezi zinkaposa lendi ya nyumba yawo. Kusiya ntchito sikukanatheka, chifukwa inshulansi ya kuchipatala ya banja lonse inali ya kuntchito kwake, komanso thandizo la bomalo limafuna kuti kholo likhale pantchito kapena pasukulu. A Edmond ankapuma Lolemba, ndiye anatenga Lolemba. Ine ndimapuma Lachitatu, ndinatenga Lachitatu. Anatsala masiku atatu opanda munthu.

Apa mpamene Tusekele anatumiza uthenga wa mawu kwa amayi Joan. Anaujambula ali pakhomo panga, anaufufuta kawiri chifukwa cha manyazi, kachitatu n'kuutumiza. Foni inaonetsa kuti aumvera tsiku lomwelo. Yankho silinabwere.

Kutchalitchi amayi Joan ankamupatsa moni mwansangala. "Amake Aku! Zija tikambirana, eti?" n'kudutsa mofulumira. Patatha sabata ziwiri tinaona pafoni chithunzi cha khanda latsopano limene alilandira kumalo kwawo, mwana wa madokotala ena, olipira zonse mosavuta. Malo a khanda anali amodzi okha, ndipo anapita kumeneko. Sindikuti analibe ufulu wosankha. Ndikuti akanatsegula pakamwa n'kunena kuti ayi.

Tusekele anayamba kujomba. Tsiku lina ankasiya mwana kwa uyu, tsiku lina kwa uyo, tsiku lina osapeza aliyense. Kuntchito anamuchenjeza kawiri, n'kumuuza kuti kachitatu ndi kutha kwa ntchito. Mwezi womwewo ine ndinkakonzeka kupita kumudzi kukamanga chiliza cha amuna anga. Tsiku lina masana Tusekele anabwera, anakhala pansi pakhitchini panga ngati mwana, n'kunena kuti, "Amake Mthunzi, mukamapita mumutenge Aku. Atupele wavomera."

Akuzike anali ndi miyezi isanu.

Kuno munthu akamapita kumudzi aliyense amabweretsa katundu woti akaperekedwe kwa abale. Tsiku lonyamuka pabalaza panga panadzaza timatumba. Tusekele anali pampando akuyamwitsa komaliza, a Edmond akuwerenganso makalata ovomereza kuti ndiyende ndi mwana wawo. Pomwepo anagogoda amayi Joan, atanyamula thumba la nsapato ndi mafuta odzola.

"Amake Mthunzi, izi ndi za mlamu wanga ku Namiwawa. Nsapatozo musazipanikize, ndi zodula." Atatembenuka anaona Tusekele. "Iii, Tuse, ndamva. Koma mwina ndi bwino, mwana akaphunzire chilankhulo. Awa athu akuno Chichewa chake ndi cha m'mphuno."

Anaseka okha. Tusekele sanadzutse mutu. Anangosamutsa mwana kupita kubere linalo.

Amayi Joan atatuluka ndinatenga thumba lija n'kukaliika m'galaja, pamwamba pa matayala akale. M'malo mwake m'sutikesi ndinaikamo zitini za mkaka. Kubwalo la ndege Tusekele anandipatsa mwana, bulauzi yake itanyowa pachifuwa. Sanalire. Amene analira ndi Akuzike, kuyambira ku Chicago mpaka ku Addis Ababa, akufunafuna pachifuwa changa chimene ine ndinalibe. Ndakhala ndikupemphera moyo wanga wonse, koma m'ndege imeneyo mapemphero anga anali ndi dzina la munthu, ndipo sanali omudalitsa.

Nditabwerako amayi Joan anandifunsa za nsapato. Ndinati, "Katundu analemera." Sanali bodza.

Miyezi khumi yapita. Dzina la Akuzike likadali pamndandanda. Tusekele sanakangane ndi munthu. Amabwera kutchalitchi, amaimba kwaya, amapereka moni kwa amayi Joan ndi manja awiri. Mano a mwana wake anamera iye akuonera pafoni. Tsiku limene Akuzike anayenda koyamba, Tusekele anali akusambitsa gogo wina wachizungu, ndipo kanema wake anakamuonera m'chimbudzi cha kuntchito. Anthu ankati ndi mayi wopirira. Ine ndinkaona kuti foni yake yathetheka galasi koma akukana kugula ina, kuopa kuti uthenga uja wa kwa amayi Joan ungasowe.

Mwezi wathawu Tiffany anapeza banja. Amayi Joan anabwereka holo ku Lawrence kuti pachitike chilangizo cha mkwatibwi, ndipo ine, monga wamkulu wa amayi a mumpingo, ndinapatsidwa ntchito yosankha alangizi. Wina za kukhitchini, wina za chuma, wina za apongozi. Tiffany mwini anandiimbira kupempha kuti Anti Tuse nawonso alankhule. Mwanayo sankadziwa kanthu. Ndinayang'ana pepala langa. Mutu wa kulera ana unalibe dzina. Ndinalembapo Tusekele.

Nditamuuza anatulutsa foni yake yothetheka ija n'kuiyang'ana. Kenako anafunsa: "Amake Mthunzi, foni ukaiyandikitsa pa maikolofoni imamveka?"

Ndikudziwa chimene tinaphunzitsidwa pa nkhani ya kubwezera. Ndakhala ndikuphunzitsa ena chimenecho zaka makumi awiri. Ndinati, "Imamveka. Ukweze mpaka pamapeto."

Tsikulo holo inadzaza. Amayi Joan anavala nsalu yagolide, duku lalitali ngati chulu. Woyendetsa mwambo anali Upile, namwino wanthabwala amene sasowa pa zochitika zathu. Madola ankawuluka pa perekaniperekani, amayi akuvina, nthungululu zili pamwamba.

"Tsopano tamva za apongozi, ena mwa inu mwatupa nkhope, tikukuonani," anatero Upile. "Ikubwerayi ndi nkhani ya ana. Tiffany, usachite manyazi, tonse tikudziwa kuti ana sagulidwa kusitolo. Anti Tuse, bwerani!"

Tusekele anaimirira atavala diresi yake yakale yobiriwira, foni ili m'manja.

"Tifa, ukundidziwa?"

Tiffany anayankha m'Chingerezi, akuseka, kuti angawaiwale bwanji.

Tusekele anatembenuka n'kudzigwira kumbuyo. "Nanga msana uwu ukuudziwa?"

Holo yonse inafa nacho chikhakhali. Wina kumbuyo anakuwa kuti, "Ana onse a ku South Bend akuudziwa!" Amayi Joan anawomba m'manja n'kuponya dola.

"Malangizo anga ndi amodzi, mwana wanga," anapitiriza Tusekele. "Ukadzabereka kuno, boma lidzakulemba pamndandanda. Mpingo udzakubweretsera sopo. Sabata yachisanu ndi chiwiri udzavala yunifomu, mwana akulira. Tsono udziwiretu munthu amene udzamupemphe, ndiponso kapemphedwe kake. Ine sindidziwa pamene ndinalakwitsa. Mwina amayi muli muno mundithandiza. Ndinapempha chonchi."

Anakweza foni. Amayi Joan anali ataimirira kale.

"Tuse, zimenezo tikambirana kunyumba."

"Munatero kale, achemwali, chaka chatha."

Upile anatambasula mkono kuti atenge maikolofoni. Ndinali pafupi naye. Ndinamugwira padzanja, osati mwamphamvu. "Musiye amalize," ndinatero. "Nthawi yake sinathe."

Uthengawo ndi wa mphindi imodzi yokha. Kumbuyo kwa mawu a Tusekele kukumveka khanda likulira, ndipo kulirako n'kumene kunakhazika anthu chete. Utatha, Tusekele anabweza maikolofoni kwa Upile ndi manja awiri, anamugwira Tiffany patsaya, n'kutuluka. Tiffany anatembenukira amayi ake n'kufunsa m'Chingerezi ngati ndi zoona kuti sanayankhe. Amayi Joan ankangokonza duku lawo. Ine ndinapita kugalimoto, ndinatulutsa thumba la nsapato lija ndi fumbi lake lomwe, n'kukaliika patebulo la mphatso.

Ena akuti tinaononga tsiku la mwana wosalakwa. Zimenezo ndikuvomera, ndipo Tiffany ndinamupepesa. Abusa anandiitana n'kundifunsa ngati ndikumva chisoni. Ndinawauza kuti ndikupempherera kuti ndidzamve, koma sichinafike. Makolo awiri a mumpingo achotsa ana awo ku Lawrence. Nditamva ndinaphika tiyi n'kuthira shuga masipuni atatu, ngakhale adokotala anandiletsa.

Zonsezi sizinabweze Akuzike. Mawa kukamacha Tusekele atsamiritsanso foni ku botolo la shuga, ndipo mwanayo ayang'ananso Atupele. Amayi Joan asiya kubwera kutchalitchi kwathu. Kwa Tusekele sanaimbe, sanalembe. Mawu amene holo yonse inamva, amene akudikirabe yankho, ndi awa:

"Achemwali, ndi Tuse. Pepani kukuvutitsani, ndikudziwa muli otanganidwa. Za Aku zija. Ndaapulaya vocha koma andiika pamndandanda. Ndimati ngati kwanuko kungapezeke malo amodzi, masiku atatu okha pa sabata. Ndizilipira theka mpaka dzina lake lituluke, Loweruka ndizibwera kudzakukolopera nyumba yonse. Savuta, amagona kwambiri. Sindikufuna apite kumudzi, achemwali. Ngati sizitheka mungondiuza, sindikwiya. Mundiyankhe chonde."