Majezi a Achimwene

Ndinadzuka kusanache pa mkeka womwe ndinagona pasiwa. Amayi a kutchalitchi anali atasiya kuimba, ena akuwodzera atatsamira khoma. Panja moto wa abambo unali utatsala phulusa lokha. Ndinazemba n'kupita kuseri kukaanula majezi.

Achimwene anga, amene tinkawaika tsiku limenelo, ndiwo ankaphunzitsa timu ya mpira ya kwathu kuno ku Utale. Chimwalirireni alamu ankakhala pakhomo panga, ndipo majezi a timuyo ndinkachapa ndine. Tinkakangana kwambiri pa nkhani ya sopo. Ine ndinkati sopo wakwera, mpira sitidya. Iwo ankangoseka n'kundikumbutsa chaka chimene anyamata awo anagonjetsa timu ya m'tauni ya Balaka, mudzi wonse n'kusasa mawu. Matenda atakula anandipempha chinthu chimodzi: adzawanyamule anyamata awo atavala majezi, ndipo adzadutse nawo pabwalo la mpira. Ndinavomera msanga, poganiza kuti tsikulo lili kutali.

Koma timuyo inali itabalalika. Zinthu zitakwera mtengo, ena anapita kukapalasa kabaza ku Balaka, ena kukagulitsa makala ku Phalula, ena anatsikira ku Joni. Uthenga wa maliro tinatumiza pafoni, ndipo ambiri anangoyankha kuti aona.

Dzuwa likutuluka, utsi unadzaza pabwalo la nyumba. Tiyi anali wopanda shuga, ndipo palibe anadandaula, poti kwawonso ndi momwemo. Anthu ankabwera m'magulumagulu, amayi akuyamba kulira akafika pa mtengo wa bwemba. Ine maso anali kumsewu. Kunkatentha kwambiri, ndipo chakumapiri a Machinga mitambo inayamba kuda.

Chakumasana kunabwera bambo wina wofuna uphungu, pa lole yaing'ono. Atapatsidwa mpata anapepesa pang'ono, kenaka analowa m'mitengo ya feteleza, shuga ndi mafuta ophikira. Anthu ankagwedeza mitu chifukwa sankanama. Koma dzina la achimwene analiphonya, ndipo zinandipweteka. Pomaliza anati lole yake inyamule bokosi.

Adzukulu anali atatumiza kale mawu kuti manda atha. Amalume anandiitanira pambali.

"Mphwanga, mvula ndi iyo. Tilandire galimotoyi."

"Iyayi amalume, ndinalonjeza."

Ndinayankha molimba, koma ndinayang'ananso kumsewu. Ndinkaopa kusunga khamu lonselo chifukwa cha anthu oti mwina sabwera.

Akatekisiti akutseka buku, tinawaona anyamata a timu aja akutulukira pa bwemba paja, ena akukankha njinga, ena wapansi, fumbi mpaka m'mawondo. Minibasi inawakanika mtengo. Patsogolo panali a Saidi, goloboyi wawo wakale, Msilamu wa kwa Kawinga, chipewa chili kumutu. Ndinawapatsa majezi. Atavala ndinaona kuti akuwakhwepa, pomwe kale ankawathina. Pamenepo ndi pomwe ndinalira.

Komabe anali ochepa, otopa, ndipo njira yodzera kubwalo ndi yaitali. Majezi ambiri anatsala m'manja mwanga. A Saidi anawayang'ana n'kunena kwa amalume:

"Bambo, kwathu maliro sasenza anthu ochepa. Aliyense amagwirako pang'ono n'kusiyira mnzake. Amene anamenyapo mpira pabwalo lija avale."

Anatuluka anthu amene sindinkawaganizira. Wina wa imvi, wina wotsimphina, mphunzitsi wa kupulayimale, ngakhale akatekisiti anavala jezi pamwamba pa malaya oyera. Bokosi linayenda phewa ndi phewa. Wotopa ankabwerera m'mbuyo, wina n'kulowa, osaima. Ife amayi tinkatsatira ndi nyimbo. Lole ija inkabwera pang'onopang'ono kumbuyo, itanyamula nkhalamba zolephera kuyenda, ndipo mwini wake ndinamuona atagwirako pakona ya bokosi, jekete ili paphewa.

Pabwalo udzu unali utamera, golo limodzi litagwa. Anaima pakati penipeni, ndipo nyimbo inaleka yokha. Madontho oyamba anagwa tili pomwepo, akulira pa bokosi.

Kumanda mvula inatipeza yeniyeni. Adzukulu anakwirira mofulumira, ndipo anyamatawo analanda makhasu n'kuthandiza, dothi lofiira likumata paliponse. Titabwerera sanakhalitse. Mawa lake ntchito inkawadikira, ndipo ulendo unali wa miyendo.

Madzulo anthu anatha pakhomo. Abale otsala anagona msanga ndi kutopa. Pakhonde ndinapeza majezi ataunjikidwa, onyowa, matope ali m'mapewa ndi pamtima. Pawindo panali sopo watsopano amene wina anabweretsa ngati chipepeso. Ndinatunga madzi m'beseni, ndinakhala pansi, ndinatenga jezi imodzi. Pakhomo panali zii, popanda wondiseka, popanda wokangana naye. Madzi aja ndinakathira ku nthochi, majezi n'kuwayanika m'chipinda cha achimwene ndi dothi lake lomwe.