Sitima Yomwe Sinafike ku Kaluluma

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene bambo anga anabwerako ku Joni. Anachoka ine ndisanabadwe, choncho kwa ine anali munthu wamtali chabe, wotsokomolatsokomola, amene anadzalanda mpando wa pakhonde. Kwathu ku Kaluluma bambo timati adada, koma ine dzinalo ndinkakana kulitchula. Ndinkangowatcha alendo. Amayi anandikalipira, anandinyengerera, mpaka kundimana chitumbuwa, koma ine makani ndinabadwa nawo.

Inali nyengo yosoka fodya. Masana ena tinatsala awiri m'chigafa, ine ndi alendo aja, zala zathu zitada ndi phula la masamba. Iwo anatulutsa chinthu chimene ankapinda mobisa: mutu wa sitima wamawaya, wokhala ndi kamkono pamwamba. Anamanga luzi pakati pa nsanamira ziwiri n'kukoletsapo kamkonoko. Ndinafuna kuseka. Zamawaya n'za anyamata, ndipo munthuyu sankadziwa n'komwe zimene mwana wamkazi amakonda.

"Yeniyeni yake ndinkaipaka girizi ndine," anatero.

Anandifotokozera kuti kale sitima za ku Joni zinkadya malasha n'kumalavula utsi, ndipo pachitunda zinkapuma wefuwefu. Kenaka kunabwera mitu yamagetsi, yopanda moto, yongoyamwa mphamvu pawaya wam'mwamba. Ankailumikiza itatu kapena inayi, n'kukoka mabogi oti ukaima kumutu, kumchira sukuonako. Siinkafuula, inkangong'ung'udza, koma nthaka inkanjenjemera mpaka m'mawondo. Itakalamba, kunafika ina yatsopano. Yakaleyo anaiimika kuseri kwa shedi kuti idye dzimbiri, ndipo amene ankaisamalira anauzidwa kuti ntchito yatha.

Polankhulapo nkhope yawo inawala, ndipo ine nsanje inandigwira. Chitsulo anachidziwa bwino chotere, ine mwana wawo osandidziwa!

"Ngati inali yamphamvu choncho, bwanji sinakubweretseni kuno?" ndinafunsa.

"Imangoyenda kumene kuli waya, mwanawe. Waya sanafike kuno ku Kasungu."

Ndinagwedeza mutu, poti yankholo linali lomveka. Koma iwo ankangotembenuzatembenuza tsamba la fodya m'manja. Kunja njiwa inkalira.

"Iyayi, ndakunamiza," anatero motsitsa mawu. "Mabasi analipo. Chaka choyamba ndinati ndiyambe ndapeza kanthu. Zaka zitachuluka, ndinayamba kuopa nkhope ya amayi ako, ndi yako yomwe ndinali ndisanaione. Sitima ilibe mlandu. Wolakwa ndine."

Ndinali ndisanamvepo munthu wamkulu akuvomera kulakwa pamaso pa mwana. Ndinasowa poyang'ana. Ndinagwira kasitima kaja n'kukakankha, koma kamkono kanaphonya luzi, kasitimako n'kugwera m'fumbi.

"Adada, kagwa," ndinatero.

Anawerama kukatola, ndipo anachedwa kwambiri kuweramuka.

Anakhala nafe zaka zochepa chifuwa chisanawatenge, koma zinali zaka zabwino. Sitima yamagetsi sindinaionepo mpaka lero, ndipo tsopano ndili ndi ana anga amene nawonso amandifunsa mafunso obaya. Lilime likafuna kuthawira ku yankho losavuta, ndimakumbuka masana aja. Adada akanaima pa nkhani ya waya ija ndikanawakhulupirira ndithu, poti ndinali mwana. Koma akanamwalira ali alendo.