Mayi Anifa Omar ndi madzi amene anasankha khomo lawo

Mayi Anifa Omar, amene tinawaika m'manda mwezi watha, anabadwira kunsi kwa phiri, kufupi ndi Chiringa. Sukulu analekera sitandade 3, koma kumadrasa sankajomba. Anakwatiwa ndi malemu bambo Faiz, okonza njinga, ndipo mwa ana awo asanu anakula awiri okha.

M'nyumba mwawo simunayakepo babu. Galimoto ankakwera popita kuchipatala basi. Ankaphikira nkhuni zouma zotola, ndipo anzawo atayamba kuotcha makala opita nawo m'tauni, iwo anakana, ngakhale chaka cha njala. "Mtengo nawonso umatamanda Allah," ankatero. "Ndiudule uli pa swala, ukupemphera?"

Mu 2023, namondwe Freddy atafika, matope ndi miyala zinatsika m'phiri n'kukokolola nyumba yawo, munda, ndi mwana wawo Ruqayya, amene thupi lake silinapezeke.

Tili kumsasa wa anthu osowa pokhala, kunabwera alendo a bungwe lina pa magalimoto anayi akuluakulu. Mmodzi wa iwo, bambo Davison, anatiphunzitsa kuti utsi ndi kudula mitengo zikusintha nyengo. Panja injini zinali kulirabe kuti m'magalimotomo muzizizira. Mayi Anifa anaimirira mwaulemu.

"Pepani bambo, ine ndine wosaphunzira. Kwanu makala mumatha matumba angati pamwezi?"

"Awiri amayi, magetsi akamavuta."

"Ine sindinagulepo ngakhale limodzi. Nanga madzi anasankhiranji khomo langa?"

Bambo aja anangowerama.

Pambuyo pake Mayi Anifa anandiululira kuti funso lomwelo ankamufunsanso Allah akulira, ndipo ankaopa kuti akuchimwa. Komabe swala zisanu sanaphonye. Analera ana atatu a Ruqayya m'kanyumba kofolera lona, n'kumabzala mbande za mibawa m'mphepete mwa chigwembe chimene madzi anasiya. Zambiri zinauma. Ankabzalanso.

Chifuwa chinawagwira chaka chatha. Kuchipatala anati ndi utsi wa m'khitchini wa zaka zambiri. Lachisanu lina madzulo, atamaliza swala chokhala pamkeka, anapempha madzi, nanena shahada, mawu ovomereza chikhulupiriro chawo, nagwira dzanja la mdzukulu wawo wamkulu, Aliya.

"Usalire. Ndikakawaona amayi ako, ndikawauza kuti mwakula."

Anatseka maso mwamtendere. Tonse ndife a Allah, ndipo iwo angotsogola kubwerera. Ana atatuwo akali pansi pa lona, ndipo mvula yayandikira.