Ndinadana ndi Munthu Amene Anabereka Bambo Anga Kumsana

Inu owerenga, ndaganiza zodziulula ndekha chifukwa nkhaniyi yandilemera. Kwa zaka zoposa makumi atatu ndinkadana ndi munthu wosalakwa, ndipo ndinatsala pang'ono kupasula banja la mwana wa mlongo wanga lisanayambe n'komwe.

Kwathu ndi ku Thambani, m'boma la Mwanza. Bambo anga ankakonza njinga pamsika, ndipo anaphedwa ine ndili Sitandade 7. Tsiku limenelo analawirira kupita kumudzi wina wakufupi ndi malire kumene anawaitanira ntchito. Anthu ena anawamenya m'mutu pakanjira ka pakati pa mapiri, n'kuwalanda njinga ndi chikwama cha zipangizo. Mpaka lero sitikudziwa kuti anali ndani.

Amene anabwera nawo kuchipatala anali a Zuze, bambo wina woweta mbuzi wa m'mudzi woyandikana ndi wathu. Anawabereka kumsana mtunda wonsewo, koma anafika nawo atatsirizika kale. Malaya awo anali magazi okhaokha. Apolisi anawasunga milungu ingapo, kenako anawatulutsa poti panalibe umboni, nkhani n'kuzilala.

Kwa ife sinazilale. Mukudziwa mmene timachitira kuno: ukaona munthu wagona m'mbali mwa njira, umayang'ana kumbali n'kufulumiza mapazi, poti wokanena ndiye amayamba kugwidwa. Ndiye pabanja pathu tinkafunsana kuti, nanga a Zuze sanathawe bwanji ngati mmene amachitira aliyense? Tinagwirizana kuti mtima unkawatsutsa pa zimene anachita. Taonani nzeru zathuzo! Chifundo cha munthu tinachisandutsa umboni.

Ine ndinakula nacho chidanicho. Ndikakumana nawo pamsika ndinkalavula malovu. Akazi awo atamwalira ndinaletsa abale anga kupita kumaliro, chinthu chimene kuno sichichitika. A Zuze sankabwezera. Ankandipatsabe moni, ine n'kumati ndi ukathyali chabe.

Chaka chatha Esinala, mwana wa mlongo wanga, anandiuza kuti wapeza mwamuna. Ine ndiye malume wake, mwini mbumba, ndipo chinkhoswe sichingachitike ine osavomera. Nditamva kuti mwamunayo ndi mdzukulu wa a Zuze, ndinakana kwamtuwagalu. Mwanayo analira, kenako anandiuza maso ali gwa kuti athawira naye ku Blantyre ndipo sadzapondanso pakhomo pathu. Mlongo wanga anasiya kudya chifukwa Esinala ndi mwana wake yekhayo. Ine ndinaumabe mtima.

Masana ena mayi anga aang'ono, amene tsopano akuyendera ndodo, anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Anati, “Mwanawe, ukuzunza mwana chifukwa cha tchimo langa.” Anandiuza kuti m'mawa wa tsiku lija ankapita kuchigayo ndi amayi ena awiri. Anaona munthu atagona chafufumimba m'maudzu, akubuula. Onse anagwidwa mantha a polisi ndipo anadutsa osayang'ana nkhope. Sanadziwe kuti anali alamu awo. Atafika kuchigayo anapeza a Zuze ali kale pamzere, poti anafika kusanache bwino. Amayiwo ankanong'onezana za munthu uja, a Zuze n'kumva, ndipo bambowo anasiya thumba lawo la chimanga pomwepo n'kuthamangira kumeneko.

Anthu onse a pachigayo paja ankadziwa zimenezi, koma palibe anafuna kukhala mboni. Mayi aang'onowo anaopa kuti tidzati anasiya alamu awo akufa. A Zuze nawo ankadziwa kuti mayiwo anadutsa, koma sanawatchule, ngakhale ali m'manja mwa apolisi.

Ndinamva manyazi amene sindingathe kuwafotokoza. Ndinatha masiku atatu ndikuzengereza, kenako ndinagwira nkhuku n'kupita kwa a Zuze. Ndinawapeza pakhonde akusenda mtedza, tsitsi lonse mbuu. Ndinagwada ngati mwana ngakhale nanenso imvi zayamba. Mawu okonzeka bwino amene ndinabwera nawo anabalalika, ndinangoti, “Bambo, ndinakulakwirani.”

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundikankhira mpando. Anati, “Mwana wanga, ndinali ndi uthenga wako. Bambo ako ali kumsana kwangaku ankayankhulabe. Amene anawamenya sanawaone, koma anati ndikakuuze kuti usamale mlongo wako. Ndinkayamba ndi moni kuti ndikuuze, koma moniwo sunkayankha.”

Ndinalira mokweza, anthu a pamudzipo mpaka kusuzumira. Mawu otsiriza a bambo anga anakhala akundidikira zaka zonsezo pamtunda woyenda wapansi, ine ndikulavula malovu. Ndipo mlongo amene anandisiyirayo ndi amene ndinkamugoneka ndi njala.

Chinkhoswe chinachitika titakolola. A Zuze anavina ndi ndodo yawo mpaka ana kuwagwira kuti angagwe. Esinala tsopano ndi woyembekezera, ndipo ine ndimapita kwa mkuluyo pafupipafupi kukamuthandiza kukonza khola. Amene anapha bambo mwina anafa kalekale, mwina tikupemphera nawo tchalitchi chimodzi. Zimenezo ndazisiya m'manja mwa Mulungu, ndipo mtima wanga wapepuka.

Inu owerenga, ngati kwanu kuli imfa imene sinadziwike mutu wake, musathamangire kuloza chala chifukwa choti mtima ukufuna wolakwa. Ngati munaona kanthu kalekale n'kukhala chete, nenani eni ake akadali moyo, ngakhale papita zaka. Ndipo mukapeza munthu akubuula panjira, imani, itanani anzanu, mumunyamule pamodzi. Amayi atatu aja akanaima, mwina uthenga uja ndikanaumva kuchokera pakamwa pa bambo anga.