Ndinanyamula Bokosi la Mlamu Wanga

Anabwera Lamulungu masana, mu Febuluwale wa 2018, titangofika kuchokera ku Misa. Anali amuna atatu ovala malaya oyera a manja aafupi, ndipo anagogoda mwaulemu ngati anthu ofuna nyumba ya lendi. Apongozi anga aakazi ndiwo anatsekula chitseko. Ine ndinali pansi pasimenti ndikudyetsa mango mwana wanga wamkazi, amene panthawiyo anali ndi zaka ziwiri.

"Tikufuna wa ku Africa uja," anatero mmodzi mwa iwo. "Akangoyankha mafunso pang'ono ku ofesi yoona za alendo. Abwera dzuwa lisanalowe."

Ndinasamba m'manja, n'kuvala nsapato. Mkazi wanga anafuna kundiikira zovala m'chikwama, koma mwamuna uja anaseka nati palibe chifukwa chonyamulira katundu pa ulendo wa mafunso. Mwana analira chifukwa mango anali asanathe. Ndinamupatsa phata lake m'manja, ndipo nditacheuka pakhomo ndinamuona akulinyambita, atayiwala kale za ine.

Ndiyenera kufotokoza mmene mwana wa ku Dedza anapezekera m'nyumba imeneyo. Ndinapita ku Philippines m'chaka cha 2011 kukaphunzira unamwino, a mpingo atandipezera malo. Ndinkachita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ya banja lina, m'dera la anthu osauka kunja kwa mzinda waukulu. Banjalo linali ndi ana awiri, wamkazi mphunzitsi ndi wamwamuna woyendetsa njinga yamoto ya matayala atatu, kabaza wa kumeneko. Wamkaziyo ndiye ndinadzamukwatira. Wamwamunayo ndiye anandiphunzitsa chinenero chawo, kuyambira ndi mawu otukwana, akuti ndizidziwa anthu akamandinena.

Pamene meya wa mzinda wina wa kummwera anayamba kupikisana nawo pa mpando wa pulezidenti, apongozi anga aamuna anamukonda ngati mbale wawo. Ankati munthuyu amayankhula ngati ife, amadya ndi manja ngati ife, ndipo saopa olemera. Ankati mzinda wake anaukonza, mtsikana amayenda yekha osagwidwa ndi wina. Munthuyo ankatukwana pagulu, ankanyoza ndi mabishopu omwe, ndipo analonjeza kuti athana ndi ogulitsa mankhwala osokoneza bongo pogwiritsa ntchito mfuti. Anthu ankaomba m'manja. Sindikubisa, nanenso ndinkaseka nawo nthabwala zake pa wailesi ya kanema. Atapambana mu 2016, apongozi anapha nkhumba. Chithunzi chake anachimata pa njinga ya mwana wawo.

Mlamu wanga ankasuta mankhwala aja kuti asagone pa ntchito. Tonse tinkadziwa. Anali atasiya kwa miyezi ingapo, ndipo anakadzionetsa yekha kwa akuluakulu a dera monga ankalamulira. Mu Ogasiti wa 2017 anamupeza atafa m'ngalande kuseri kwa msika. Apolisi anatiuza kuti analimbana nawo. Ine ndi amene ndinamusambitsa. Ndinaona pomwe zipolopolo zinalowera, ndinaonanso zipsera za pomwe anamumanga m'mikono. Sindinauze apongozi.

Pa tsiku la maliro tinanyamula bokosi pamapewa kuchokera kutchalitchi kupita kumanda. Msewu wake umadutsa pa polisi. Azimayi ena a m'parishi, amene nawonso anali ataika ana awo chaka chomwecho, anabwera ndi zikwangwani. Wina anajambula.

Chithunzi chimenecho ndi chomwe anandionetsa ku ofesi Lamulungu lija. Wofunsayo anali bambo wonenepa wa magalasi, wodekha poyankhula.

"Uyu ndiwe?"

Kukana kunali kovuta. Pa anthu onse a m'chithunzimo wakuda ndinali ndekha, komanso ndinali wamtali kuposa onse, moti bokosi linkapendekera mbali inayo.

"Ndine."

"Ukudziwa kuti mlendo saloledwa kuchita nawo zionetsero zotsutsa boma?"

"Sindinanyamule chikwangwani, bwana. Ndinanyamula mlamu wanga."

Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya. Kenako anafunsa amene analemba zikwangwanizo, wansembe amene anauza azimayi kuti abwere, ndiponso bungwe la kunja limene linkandilipira. Ndinati azimayiwo ndinkawadziwa nkhope zokha, ndipo bungwe kulibe. Mafunso omwewo anabwerezedwa mpaka madzulo, ine ndili chilili. Mnyamata wina amene ankaima kumbuyo kwanga ankandithandiza kukumbukira ndi dzanja lake. Sanandimenye kwambiri. Khutu langa la kumanzere ndi limene silimva bwino mpaka pano.

Pomaliza bambo uja anati, "Kwanu kulibe maliro oti ukanyamule?"

Ananditengera kumalo osungirako alendo oyembekezera kuthamangitsidwa m'dziko. Mlonda amene anatilandira pachipata anali ndi mawu ake amene ankauza aliyense wofika kumene: "Ino si ndende. Palibe amene waweruzidwa pano. Mukungodikira." Ankanena zoona. Wa kundende amadziwa tsiku lotuluka. Ife tinalibe.

M'chipinda chomwe anandiika munali anthu ochokera kulikonse, Amwenye, Matchaina, Anaijeriya, azungu angapo okalamba amene ziphaso zawo zinatha kalekale. Tinkagona mosinthana, ena pansi pa mabedi. Denga linali la malata, ndipo masana kutentha kwake kunkatsika ngati munthu wakuika chitsulo chositira pamsana. Pafupifupi aliyense anali ndi zithupsa. Atamva kuti ndine namwino anayamba kundiitana kuti dokotala, ndipo ntchito yanga inali yofinya zithupsa ndi madzi a mchere.

Pambali panga pankagona mkulu wina wa ku Korea, amene anali atakhalamo zaka zambiri moti alonda ena anamupezamo. Sitinkamvana chinenero. M'mawa uliwonse ankapinda bulangete lake bwinobwino n'kuvala malaya a kolala, ngati tsikulo ndi lomwe amuitane. Pa Lachisanu Loyera anagwira pachifuwa n'kukhala pansi. Tinamenya chitseko ndi mbale. Mlonda anasuzumira nati woyendetsa galimoto wapita ku Njira ya Mtanda, tidikire. Ndinachita zonse zimene ndinaphunzira kusukulu mpaka mikono inakana. Chakumadzulo Mnaijeriya wina anandigwira paphewa nati ndileke. Malo a mkuluyo anagonapo wina tsiku lomwelo.

Mkazi wanga ankabwera Loweruka lililonse, ulendo wa mabasi atatu, mwana ali m'manja. Tinkaonana kudzera pa waya. Mwana anaphunzira kuyankhula ine ndikumuonera pa wayapo. Sabata ina anabwera akudziwa kunena kuti galu, sabata ina nsapato. Ankapisa zala zake m'mabowo a waya kuti ndizilume, ndipo ndikaluma ankakuwa ndi chimwemwe mpaka alonda ankaseka nawo. Tsiku lina ndinamumva akuuza mayi ake kuti, "Tiyeni kunyumba kwa Papa." Kwa iye malo aja ndiwo anali kwanga.

Apongozi aamuna anabwera kamodzi. Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana pansi, chipewa chili pabondo.

"Pulezidenti sakudziwa zimenezi," anatero. "Ndi apolisi oipa amene akumuonongera dzina. Akanadziwa za mwana wanga, akanawalanga. Akanadziwa za inu, bwenzi mutatuluka."

"Mwina n'zoona, bambo," ndinayankha.

Sindinafune kuwalanda chomwe chinawatsalira. Munthu amene waika mwana wake m'manda, ukamuuzanso kuti anapha nkhumba kukondwerera amene analamula, wamuika m'manda momwemo.

Loya wa mpingo anandifotokozera njira ziwiri. Ndikanatha kulimbana ndi mlanduwo ndili m'kati, ndipo palibe ankadziwa kuti zitenga zaka zingati. Kapena ndikanavomera kuchoka m'dzikomo, koma dzina langa likanaikidwa pa anthu osaloledwa kubwereranso. Ndinakana kwa miyezi yambiri. Ndinkati bola waya, chifukwa pa waya zala za mwana zimafika. Amene anandigonjetsa ndi mkazi wanga. Anandiyang'ana Loweruka lina, nditaonda, chifuwa chitandigwira, nati, "Ndinaika kale mchimwene wanga. Sindikufuna kudzatenga mtembo wanu pachipata ichi. Sainani. Tidzakutsatirani."

Ndinatuluka mu Novembala. Anandiperekeza alonda awiri mpaka pakhomo la ndege, ndipo unyolo anandimasula anthu onse akuona. Mmodzi wa iwo, amene ndinamuchiza chilonda cha paphazi nthawi ina, anandipatsa paketi ya mabisiketi nati, "Dokotala, usatikwiyire. Ndi ntchito." Mkazi wanga ndi mwana sanaloledwe kufika pafupi. Ndinawaona patali kuseri kwa galasi, mwana ali paphewa, akuyang'ana kwina.

Sanathe kunditsatira. Ndili ku Lilongwe ndikufunafuna ntchito, apongozi aakazi anamwalira. Chaka chotsatira apongozi aamuna anachita sitiroko, mbali imodzi n'kufa. Mwana amene anawatsalira ndi mkazi wanga yekha. Sindinamuuzepo kuti awasiye, ndipo iye sanandipemphepo chilolezo choti akhale. Mu 2022 ndinapeza ntchito yosamalira okalamba kuno ku Hull, ku England. Ndimasambitsa ndi kudyetsa makolo a anthu ena, ndipo tsidya linalo mkazi wanga amasambitsa ndi kudyetsa bambo ake. Tikamayankhulana pa foni nthawi zambiri timakambirana za zilonda za pabedi ndi mmene ungamutembenuzire munthu osathyoka msana. Chikondi chathu chinasanduka chimenecho, ndipo sindikuchinyoza.

Kuntchito kwathu kuli Afilipino ambiri. Ndikawapatsa moni m'chinenero chawo amadabwa, amandipatsa chakudya chawo, ndipo fungo la viniga ndi adyo limandibweza pakhonde la apongozi mwadzidzidzi moti nthawi zina ndimatuluka panja kukaima pamphepo. Ambiri sadziwa nkhani yanga. Amene ankaidziwa ndi mayi wina wa ku Zambia, wa ku Chipata, amene timakwera naye basi imodzi.

Mu Malichi wa 2025, m'mawa wina wozizira, ndinalowa m'chipinda chopumira n'kupeza anthu ataunjikana pa foni imodzi. Pulezidenti uja, amene tsopano anali atachoka pampando, anali atamangidwa pa bwalo la ndege kwawo, ndipo ankati amutumiza ku khoti la mayiko onse ku Netherlands. Namwino wina wachifilipino ankalira, akuti abambo a dziko awagulitsa kwa azungu. Mnzake anakhala pakona akupukusa kolona m'thumba la yunifomu. Ndinadzamva pambuyo pake kuti nayenso anataya msuweni wake chaka chomwe mlamu wanga anaphedwa.

Mayi wa ku Zambia uja anandikoka m'khonde. "Achimwene, lelo mwakondwela, ka? Mulungu sagona."

Ndinafufuza m'mtima mwanga chimwemwe chimene ndinachidikira zaka zonsezo, koma sindinachipeze. M'maganizo ndinangoona nkhalamba ya ndodo ikukwezedwa ndege, ndipo ndinkadziwa mmene makwerero amenewo amatalikira.

Pa nthawi yopuma ndinaimba foni. Kumeneko kunali madzulo. Mkazi wanga anati bambo ake akhala akulira tsiku lonse, akana kudya, ndipo akufuna kuyankhula nane. Anawaikira foni pafupi. Mawu awo amatuluka mokoka chiyambire sitiroko ija, moti ndinachita kutembenuzira khutu labwino.

"Inu muli kufupi ndi kumeneko," anatero. "Akuti kumazizira kwambiri. Munthuyo ndi wamkulu, amadwaladwala. Kodi akamupatsa bulangete?"

Ndinayang'ana pawindo. Kunja kunkagwa kamvula kaja ka kuno kosatha. Ndinaganiza za mlamu wanga, ndinaganiza za mkulu wa ku Korea.

"Akamupatsa, bambo," ndinatero. "Kumeneko amapereka. Dokotalanso amabwera ukamuitana."

"Zikomo, mwana wanga," anatero. Aka kanali koyamba kunditchula choncho.

Anthu amandifunsa ngati ndinazolowera ufulu. Ndimayenda pomwe ndafuna. Tsiku lopuma ndimatha kukwera sitima kupita ku Leeds popanda wondifunsa. Chitseko cha chipinda changa ndimatseka ndekha, kiyi ali m'thumba mwanga. Sindizipeputsa zimenezi, chifukwa ndinaona munthu akufa akudikira zomwezo. Koma dziko lonse lapansi ananditsekulira n'kunditsekera malo amodzi okha, ndipo malowo ndi kumene kuli anthu anga. Loya akuti kalata yopempha kuti andichotsere chiletso ikuyendabe m'maofesi. Akuti tidikire.

Tsiku lija, apongozi atamaliza, foni anailanda mwana wanga. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi tsopano, ndipo mano ake akutsogolo ndi ngati a mayi anga a ku Dedza, amene sanawaonepo. Timayankhulana m'Chingerezi. Chichewa amadziwa mawu awiri, moni ndi zikomo.

"Papa, kusukulu akuti amene anakuthamangitsani uja amugwira. Ndiye kuti mubwera?"

"Osati pano, mwanangu."

"Liti?"

"Sindikudziwa."

Anayatsa kamera ya foni. Kenako anati ayimirira pafupi ndi chitseko kuti ndione pomwe wafika, ndipo anapatsa mayi ake foni kuti amugwirire. Mutu wake unali utapitirira chogwirira. Nthawi yanga yopuma inali itatha, belu la chipinda china linkalira, koma ndinamuuza kuti asasunthe kaye.